MWALA WONOLERA WOUMBA NDI UTOMONI WA MITENGO

Sukulu itatsekera mwezi wa July ndinapita kwathu kufupi ndi mtsinje wa Lisungwi, ndipo ndinapeza Agogo anga amuna ali okhumudwa. Agogowo ndiwo amene amanola nkhwangwa, zikwanje, mazenga ndi mipeni ya anthu a m'mudzi mwathu, ndipo ndalama zimene amalandira pa nchitoyi ndizo zimandigulira makope ndi sopo. Mwala wao wonolera wozungulira, uja wopukusa ndi dzanja, umene anagula ku Blantyre ine ndisanabadwe, unali utatha, utatsala ngati chitsekero cha botolo. Watsopano analibe ndalama zogulira.

Ine ndinawafunsa kuti, "Agogo, kodi mwala umenewu amausema kuphiri liti?" Iwo anaseka nati, "Iwe mdzukulu wanga, ukuphunzira chiani kusukuluko? Uwu si wosema ai, ndi woumba ngati njerwa." Mau amenewo sanandichoke m'mutu. Ngati uli woumba, amaumba ndi chiani? Nanga ife sitingathe kuumba wathu? Ndinafunsa aphunzitsi a sayansi, ndinawerenga, ndiponso ndinayesa ndi manja anga. Tsono ndifuna kuuzako anzanga zimene ndinapeza, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mano ndi nkhama

Mukatenga mwala wonolera wa kusitolo ndi kuuyang'anitsitsa padzuwa, mudzaona kuti muli zinthu zitatu. Choyamba ndi timiyala ting'onoting'ono tolimba ndi tosongoka. Chachiwiri ndi chomatira chimene chagwira timiyalato. Chachitatu ndi timipata topanda kanthu, m'mene mumalowa mpweya, madzi ndi fumbi la chitsulo. Timiyala tija tiri ngati mano, ndipo chomatira chiri ngati nkhama. Mwala ukamazungulira, dzino liri lonse limapala kachitsulo kakang'ono, ndipo mbaliwali zimene timaona zikuthetheka ndizo tizitsulo timeneto titapsa ndi kutentha.

Kuti dzino lipale chitsulo liyenera kukhala lolimba kuposa chitsulocho. M'chaka cha 1812 Mjeremani wina, Friedrich Mohs, anaika miyala pa mndandanda wa kulimba kwake kuyambira 1 kufikira 10. Mpeni wamba uli pakati pa 5 ndi 6. Mchenga woyera wa kumtsinje, umene mwala wake ndi quartz, uli pa 7. Mwala wochedwa corundum uli pa 9, ndipo daimondi ali pa 10. Chotero mchenga wa m'Lisungwi ukhoza kunola mpeni, ngakhale kuti uchita pang'onopang'ono, koma corundum amadya chitsulo msanga.

Chimene chinandidabwitsa ndi ichi: chomatira chabwino sichiyenera kugwira mano mpaka muyaya. Dzino likabuntha liyenera kuguluka kuti lakuthwa limene liri pansi pake lionekere. Chomatira chikagwiritsa, mwala umasalala, umangotenthetsa chitsulo osanola, ndipo nkhwangwa imasanduka yobiriwira kukamwa kwake ndi kufewa. Chikakhala chofooka, mano amaguluka asanagwire nchito ndipo mwala umatha masiku owerengeka. Amai athu amadziwa zimenezi pa mphero: ikasalala saperapo mawere, koma amayamba aigogoda ndi mwala wolimba kuti ikakale. Mwala wonolera woumbidwa bwino umadzigogoda wokha.

Kumene mano amachokera

Dziko lathu silisowa miyala yolimba. Ku Thambani, m'boma la Mwanza, limene ife a ku Neno tinali pansi pake kufikira chaka cha 2003, anthu anakumbako corundum m'zaka za m'ma 1940 natumiza kunja. Ku phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu anapezako corundum m'chaka cha 1958, ndipo wina wa kumeneko ndi wokongola kotero kuti amamuika pa mphete: wofiira amamutcha ruby, wa mitundu ina sapphire. Wosakongolayo ndiye woyenera kusinja kuti akhale mano a mwala wonolera.

Masiku ano mafakitale ambiri sakumba mano amenewa, koma amapanga. M'chaka cha 1891 Edward Acheson wa ku America anatenthetsa dongo ndi makala a malasha ndi mphamvu ya magetsi, napeza timiyala tonyezimira tolimba koposa, timene anatitcha carborundum. Lero amapanga timeneti ndi mchenga ndi makala m'ng'anjo zotentha kupitirira madigiri 2,000. Amapanganso corundum wa m'fakitale posungunula dothi lochedwa bauxite, longa limene liri pa phiri la Mulanje. Nchito zonsezi zimadya magetsi ochuluka zedi.

Kumene nkhama zimachokera

Pa pepala limene limamatidwa pa mwala wa kusitolo pamakhala malembo ndi manambala, ndipo lembo la kumapeto ndilo limanena za chomatira. V ndi dongo lootcha kufikira litasanduka ngati galasi, pa moto woposa madigiri 1,000. B ndi utomoni wa m'fakitale. R ndi mphira. E ndi shellac.

Utomoni wa m'fakitale uja anaupeza ndi Leo Baekeland m'chaka cha 1907, posakaniza mankhwala awiri, phenol ndi formaldehyde. Ubwino wake ndi wakuti ukauphika kamodzi pa madigiri osafika 200 umauma kotheratu, ndipo suthekanso kusungunuka ngakhale utenthe. Madisiki onse odulira zitsulo amene timaona kwa owotcherera pa Zalewa ndi pa boma la Neno ali ndi chomatira chimenechi. Koma phenol amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndi ku malasha, zinthu zimene zikatha sizimeranso, ndipo formaldehyde amawononga thupi la munthu womupuma masiku ambiri. Ndicho chifukwa chake akatswiri anayamba kufunsa funso lomwe lija ndinafunsa ine: kodi mitengo singatipatse chomatira?

Yankho lake ndi lakale kuposa mafakitale. Ku India osema miyala ya mtengo wapatali ankasinja corundum, nasakaniza ufa wake ndi shellac yosungunula, naumba magudumu onolera. Dzina lakuti corundum lomwelo linachokera ku chinenero cha Chitamil cha kumeneko. Shellac ndi utomoni umene tizirombo tina timatulutsa tikayamwa madzi a m'nthambi za mitengo. Mphira nawonso ndi utomoni wa mtengo, ngati uja amakolola ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Charles Goodyear anapeza kuti ukauphika pamodzi ndi sulufule umalimba, ndipo boma la America linalemba njirayi m'dzina lake m'chaka cha 1844. Miyala ya mphira ndi ya shellac sinola mwaukali, koma imasalalitsa bwino malumo ndi mipeni.

Pali mitengo ina iwiri yofunika kuidziwa. Woyamba ndi mbibu, umene Apwitikizi anabwera nao kuchokera ku Brazil. M'chikhokho cha mtedza wake muli mafuta akuda owaula khungu, ndipo mafutawa ndi abale ake a phenol. Akawaphika ndi mankhwala ena amauma ngati utomoni wa Baekeland, ndipo amathira m'mabuleki a galimoto. Anansi athu a ku Mozambique ndiwo anali oyamba pa dziko lonse kukolola mbibu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Wachiwiri ndi mtengo wa black wattle, wochokera ku Australia, umene amalima ku South Africa, ku mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe ndi ku Njombe ku Tanzania. M'khungwa mwake muli tannin, chinthu chija chimachititsa nthochi yosapsa kumata m'kamwa, chimenenso amafufutira zikopa.

Tannin payekha sagwira bwino, afuna mnzake. Mnzakeyo amachokera ku zinthu zimene ife timataya kapena kusonkhera moto. Zitsononkho za chimanga ndi zotsala za nzimbe zofinya akaziphika ndi asidi zimatulutsa madzi ochedwa furfural. Kampani ya Quaker Oats ku America inayamba kupanga madziwa m'chaka cha 1922 ndi mankhusu a mbeu ya oats, ndipo ku Sezela ku South Africa akhala akuwapanga ndi zotsala za nzimbe. Ku Épinal ku France, Antonio Pizzi ndi anzake anasakaniza tannin ndi mankhwala ochokera ku furfural, nathiramo timiyala, naumba madisiki odulira ndi onolera chitsulo. Analengeza zimenezi m'chaka cha 2015. Taganizani, anzanga: khungwa la mtengo ndi chitsononkho kudula chitsulo!

Kaumbidwe kake

Kaya ndi ku France kaya ndi kuseri kwa nkhokwe ya Agogo, njira yake ndi imodzi. Poyamba amasefa timiyala kuti tikhale tofanana kukula. Tokulirapo ndi tonolera nkhwangwa, tosalala ndi ta lumo. Kenaka amatisakaniza ndi chomatira kufikira kamwala kali konse katabvala. Akatero amathira m'chikombole chozungulira, nasalaza bwino kuti mbali ina isalemere kuposa inzake, napanikiza ndi mphamvu. Pambuyo pake amaphika kapena kuumitsa pang'onopang'ono. Potsiriza amapala m'mphepete kuti mwala uzungulire mosagwedezeka, nauyesa asanaugulitse.

Ine ndinatapa mchenga woyera m'Lisungwi, ndinautsuka kufikira madzi atayera, ndinauyanika, ndi kuusefa kawiri: poyamba ndi sefa wa ufa wa Amai kuchotsa miyala yaikulu, kenaka ndi nsaru kuchotsa fumbi. Chikombole changa chinali chitini chakale cha masentimita 15, ndipo pakati ndinaimika kampopi kachitsulo kuti pakhale boo.

Mwala woyamba ndinamata ndi utomoni wa mthethe. Unauma bwino ndipo ndinayenda modzitama tsiku lonse. Koma Agogo atathirapo madzi monga achitira ponola, unasungunuka nusanduka phala, pakuti utomoni wa mthethe umasungunuka m'madzi.

Wachiwiri ndinamata ndi utomoni wa paini umene Amalume anandibweretsera kuchokera ku Zomba, kumene amacheka matabwa. Ndinausungunula m'chiwaya pa makala a moto wochepa, panja, chifukwa umayaka msanga, ndi kuthiramo mchenga wofunda, makapu anai a mchenga pa kapu imodzi ya utomoni. Madzi sanauchite kanthu. Koma utomoni wa paini ukazizira umakhala ngati galasi, ndipo mwala unang'aluka pamene ndinali kuukhomera pa mtanda wake.

Pa wachitatu Agogo anandithandiza nzeru. Anati, "Khoma la dothi lopanda phaso siliima. Thiramo khonje." Ndinadula khonje tizidutswa tatifupi, ndinaonjezamo ndi phula pang'ono kuti utomoni usakhale wophweka kusweka, ndipo tinapanikiza ndi thabwa, Agogo atakhalapo pamwamba kufikira utazizira. Uwu unagwira nchito. Popukusa pang'onopang'ono, pansi pake pakukhudza madzi a m'beseni, unanola mpeni wa Amai wodulira ndiwo kufikira unameta cheya cha pa mkono wanga. Koma nkhwangwa inaukanika. Munthu akakanikiza kwambiri utomoni umafunda, umafewa, numata mano onse. Apa ndipo ndinamvetsa kusiyana kwake: utomoni wa paini umasungunuka nthawi iri yonse ukatentha, madzi asanafike n'powira pomwe, pamene wa tannin ndi wa mbibu ukaphikidwa suthekanso kubwerera.

Tsiku limene mwala unaphulika

Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma ine ndi msuweni wanga tinaganiza kuti mwala ukathamanga udzanola nkhwangwa. Agogo atapita kumaliro tinatembenuza njinga yao, miyendo m'mwamba, ndi kugunditsa mtanda wa mwala ku tayala la kumbuyo. Msuweni wanga anapukusa chopalasira ndi mphamvu zake zonse. Mwala unalira ngati njuchi, ndipo ife tinali kuseka. Mwadzidzidzi tinangomva kuti phwa! Chidutswa china chinaboola nkhokwe, china chinanditema pamwamba pa diso la kumanzere. Chipsera chake anzanga a m'kalasi amachidziwa. Chikanatsika pang'ono, bwenzi lero ndikuwerenga ndi diso limodzi. Agogo pobwera sanandikalipire. Anangoyang'ana bala nati, "Safunsa anadya phula."

Aphunzitsi anandifotokozera chifukwa chake. Chinthu chikamazungulira, chiri chonse cha m'mphepete mwake chimafuna kuthawa, monga mwala wa pa gulaye. Mphamvu yokoka imeneyi sikula mofanana ndi liwiro ai. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanai. Likawirikiza kakhumi, mphamvu imawirikiza ka 100. Disiki ya masentimita 11.5 pa makina a magetsi imazungulira ka 11,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti mphepete mwake mukuthamanga makilomita oposa 230 pa ola. Ndicho chifukwa chake m'madisiki amenewa amaikamo ukonde wa ulusi wa galasi, amalembapo liwiro limene siliyenera kupitirira, ndipo pa kachitsulo ka pakati amadindapo chaka chimene disikiyo idzakhala itaguga, pakuti utomoni umafooka ndi chinyezi.

Chotero ndikupemphani, anzanga: mwala woumba pakhomo usaikidwe pa makina a magetsi, pa injini, kapena pa njinga. Ndi wa dzanja basi. Ndipo mukaona mbale wanu wachotsa chotchinga pa makina odulira, kapena akudula wopanda magalasi, muuzeni.

Pali ngozi yachiwiri imene siimveka phokoso. Fumbi la mchenga likalowa m'mapapo silituluka, ndipo limaumitsa mapapowo pang'onopang'ono. Onola mipeni a mumzinda wa Sheffield ku England, amene ankanola pa miyala youma, ambiri ankafa akali anyamata. Ndi nthenda yomweyo imene inabvuta amuna ambiri amene anakagwira nchito m'migodi ya golide ku Joni. Mankhwala ake ndi apafupi: nolani ndi madzi nthawi zonse.

Mtengo wamoyo ndi mtengo wa m'thumba

Wina angafunse kuti, nanga phindu la zonsezi n'chiani, popeza mwala wanga sunanole nkhwangwa? Ine ndiyankha motere. Ali yense woyenda pa mseu wa ku Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda, ndipo ali yense wokwera mapiri athu amaona zitsa pamene panali nkhalango. Mtengo ukalowa m'thumba la makala wagulitsidwa kamodzi kokha, ndipo dothi limene unagwira limatsikira m'Lisungwi ndi m'Wamkulumadzi kunka ku Shire, mtsinje umene umatipatsa magetsi kuyambira pamene makina a pa Nkula anayamba kuzungulira m'chaka cha 1966. Koma mtengo wa paini wotemedwa pang'ono mbali imodzi umatulutsa utomoni zaka zambiri uli chiimire. Mbibu umabala chaka ndi chaka. Zitsononkho timakhala nazo kholola liri lonse.

Komabe tisanamizane. Chinthu sichikhala chabwino chifukwa chabe chakuti chachokera ku mtengo. Munthu akasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo umauma, pakuti chakudya chochokera ku masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Black wattle amafunika kumlima m'munda wake ndi kumuyang'anira, chifukwa ku South Africa anafalikira m'mitsinje nasanduka udzu wobvuta. Mafuta a mbibu amawaula manja, ndipo utomoni wa nkhadze umachititsa khungu. Umenewo musauyese n'komwe. Ndiponso ngakhale chomatira chikhale cha mtengo, mano a m'fakitale amafunabe magetsi ambiri. Nchitoyi ifuna anthu odziwa kuyesa, kulemba ndi kubwereza, osati ongothamanga monga ndinachitira ine.

Agogo anagula mwala watsopano atagulitsa nandolo, ndipo nkhwangwa za m'mudzi zikunoledwa monga kale. Koma ndinaumbanso wachinai, wa mchenga wosalala, ndipo iwo anaukhomera pambali pa watsopanowo. Amati ndi wabwino pomalizira mipeni ya amai. Munthu akafunsa kumene anaugula, amaloza ine ndi mlomo nati, "Fakitale yake ndi iyo, ya chipsera pa diso."

Chaka chamawa ndifuna kuyesa tannin wa m'makungwa a mitengo yogwa yokha, pamodzi ndi aphunzitsi a sayansi, m'chipinda choyeseramo. Amene afuna kuthandizana nane andipeze Lachitatu masana tikaweruka. Abwere ndi zitsononkho, kope lolembamo, ndi mtima wodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndatha ine wanu,
Mnyamata wa Fomu 3